Kodi Thukuta la Pakhomo Liwerengedwe?

Mayi wina wa m'kalasi mwathu kuno ku Area 23 anapita kuchipatala chifukwa mutu unkawapweteka kawirikawiri. Atawayeza, anapeza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndiponso kuti thupi lawo lalemera kuposa muyeso woyenerana ndi kutalika kwawo. Namwino anawalangiza kuti achepetse mchere, mafuta ndi shuga, ndi kuti ayambe kuchita masewera olimbitsa thupi. Mayiwo anabwerera kunyumba ali okhumudwa. Iwo amadzuka kusanache, nasesa pabwalo, nakatunga madzi ku kiyosiki, nakoleza mbaula, nachapa, nakolopa. Kukatentha amapita kumsika kapena kuchigayo, ndipo usiku amagona pambuyo pa onse. Nanga masewera ena ofunika ndi ati?

Mwana wawo wamkazi anawaikira pa foni pulogalamu yowerengera makalori, ndiwo muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi ndi imene thupi limagwiritsa ntchito. Madzulo a tsiku loyamba mayiwo anati, "Lemba zonse zimene ndachita lero." Mwanayo anayankha kuti, "Amayi, zimenezo si masewera, ndi ntchito chabe." Ndipo bambo a m'nyumbamo, amene amapita kuntchito pa minibasi nakhala pampando tsiku lonse, anawonjezera moseka kuti, "Amayi a ana, inu mumangokhala pakhomo." Mawu amenewo anawawawa mayiwo kuposa mutu uja, ndipo nkhaniyo inafika m'kalasi.

Funso limeneli lioneka laling'ono, koma m'kati mwake muli moyo wa munthu amene magazi ake akuthamanga, ndiponso muli ulemu wa munthu amene ntchito yake siionedwa. Pamene tifunsa ngati ntchito za pakhomo ziwerengedwe, tikufunsa zinthu zitatu. Kodi thupi limapindula nazo? Kodi tizilembe m'kaundula wa makalori kuti tidye zochulukirapo? Kodi anthu a m'nyumba ayenera kuziona ngati ntchito yeniyeni? Mkangano wa m'banja lija unakula chifukwa aliyense ankayankha funso lake. Tiyeni tione mafunsowa limodzi ndi limodzi.

Thupi Silifunsa Dzina la Ntchito

M'chaka cha 1953, dokotala wa ku Britain, Jeremy Morris, anafalitsa zimene anapeza pakati pa anthu ogwira ntchito m'mabasi osanjikizana a mu London. Madalaivala ankakhala pampando tsiku lonse, pamene makondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe podula matikiti. Makondakitalawo ankadwala matenda a mtima mocheperapo kuyerekeza ndi madalaivala. Onani kuti anthu amenewa sankathamanga pabwalo la masewera. Ankangogwira ntchito yawo yopezera chakudya, ndipo mitima yawo inapindula nayo.

Zimene Morris anaona zatsimikizika m'maiko ambiri. M'chaka cha 2017 munatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa PURE, amene anatsata anthu pafupifupi 130,000 m'maiko 17, olemera ndi osauka omwe. Anapeza kuti anthu ogwiritsa ntchito matupi awo ankafa msanga mocheperapo ndi kudwala mtima mocheperapo, kaya anachita zimenezo posewera, poyenda ulendo, kuntchito kapena pakhomo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu agwiritse ntchito thupi lake mwamphamvu ndithu kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena mwamphamvu kwambiri kwa mphindi 75 mpaka 150, ndiponso achite zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Bungweli limawerengera ntchito za pakhomo ndi kuyenda pansi m'gulu limeneli.

Ngakhale timayendedwe tating'ono tili ndi phindu. M'chaka cha 1999, James Levine wa ku Mayo Clinic ku America anadyetsa anthu 16 makalori 1,000 owonjezera tsiku lililonse kwa milungu 8. Ena anawonjezera mafuta osakwana theka la kilogalamu, pamene ena anawonjezera oposa makilogalamu 4. Chimene chinawasiyanitsa kwambiri chinali kuimirira, kuyendayenda ndi kutakataka kwa tsiku ndi tsiku. Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chotero pa funso loyamba mayi aja ananena zoona. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo msana woisenza sufunsa ngati katunduyo watengedwa ku kiyosiki kapena m'nyumba yochitira masewera ya ku City Centre. Nkoyeneranso kukumbukira kuti pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ya m'munda uchimo usanalowe. Ntchito ya manja inali gawo la moyo wabwino kuyambira pachiyambi.

Sikelo Yoona

Komatu funso lachiwiri lili ndi yankho lovuta kulilandira, ndipo apa mwana uja anali ndi mfundo, ngakhale anailankhula mosasamala.

Akatswiri amayeza kulemera kwa ntchito poiyerekeza ndi kukhala pansi. Munthu atakhala phee, thupi lake limagwiritsa ntchito pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa ola limodzi. Ntchito imayamba kutchedwa yamphamvu ndithu ikafika katatu kuposa pamenepo, ndipo yamphamvu kwambiri ikafika kasanu ndi kamodzi. Kusita ndi kutsuka mbale utaimirira zimakhala pafupi ndi kawiri kokha. Kusesa kumapitirira katatu pang'ono. Kuchapa ndi manja mwakhama kumafika pafupi ndi kanayi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mayi wolemera makilogalamu 70 akasesa kwa mphindi 30, thupi lake limagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 115. Koma akadangokhala pansi, likadagwiritsabe ntchito makalori 35. Motero tsache lija lachotsa makalori pafupifupi 80 okha. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Botolo la chakumwa chozizira cha shuga la mamililita 300 lilinso ndi makalori oposa 120. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360. Ndipo kuti kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi isungunuke, pafunika makalori pafupifupi 7,700. Taonani mmene pakamwa pamathamangira kuposa manja. Chimene tsache lachotsa m'mawa wonse, supuni imachibweza pa kanthawi kochepa.

Palinso msampha wina. Mapulogalamu ambiri a pa foni amayamba ndi kufunsa ngati munthu amakhala pansi tsiku lonse, kapena amatakataka, kapena amagwira ntchito yolemetsa. Poyankha funso limenelo, ntchito za masiku onse zimakhala zawerengedwa kale m'chakudya chimene pulogalamuyo ikumuloleza. Ngati munthuyo alembanso kusesa, kuchapa ndi kupita kumsika monga masewera, ndiye kuti wawerenga ntchito imodzi kawiri, ngati wogulitsa amene walandira ndalama kawiri pa mulu umodzi wa tomato. Ndiponso ntchito zimene mayi aja ankagwira chaka chatha, thupi lawo likunka lilemera, sizingakhale zokwanira kulipeputsa chaka chino ngati palibe china chasintha.

Ku Northern Ireland, kafukufuku wa m'chaka cha 2013 wa Marie Murphy ndi anzake pakati pa anthu oposa 4,500 anapeza kuti amene ankanena kuti amagwira ntchito zambiri za pakhomo kawirikawiri anali olemera thupi kuposa anzawo. Ofufuzawo anaganiza kuti mwina anthu amakuza ntchito zawo pozikumbukira, kapena amadya zambiri podziona kuti atopa. Kufupi ndi kwathu kuno, Herman Pontzer anayeza anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, amene amayenda mitunda yaitali posaka nyama ndi kukumba mizu. M'chaka cha 2012 anafalitsa kuti, poganizira kukula kwa matupi awo, makalori amene amagwiritsa ntchito pa tsiku ndi ofanana ndi a anthu a ku America ndi ku Ulaya. Zikuoneka kuti thupi likazolowera ntchito limaphunzira kusunga mphamvu kwina. Komabe anthu a Hadza ali ndi mitima yathanzi. Phunziro lake nlakuti ntchito imateteza mtima ndi mitsempha kwambiri kuposa mmene imasungunulira mafuta.

Umboni wina uli pakhomo pathu penipeni. Pakati pa 2013 ndi 2016, bungwe la MEIRU linayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 muno mu Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga. Ku Area 25, amayi 44 mwa 100 aliwonse anali onenepa kupitirira muyeso, pamene abambo anali 18 mwa 100. Ku Karonga amayi anali 27 ndipo abambo 9. Tonse tidziwa amene amachapa ndi kukolopa m'nyumba za ku Area 25, ku Kawale, ku Biwi ndi kuno kwathu. Ngati ntchito za pakhomo zikadakhala zokwanira pazokha, chiwerengero chimenechi sichikadatero. Moyo wa m'tauni wachotsa khasu, mtondo ndi ulendo wa kunkhuni, nubweretsa chigayo, kabaza, mandasi ndi mafuta otsika mtengo a m'timapepala, ndipo ntchito zotsalazo nzambiri koma zopepukirapo.

Apa ndipo pali funso la chikumbumtima. Pa Miyambo 11:1 tiphunzira kuti Mulungu amanyansidwa ndi sikelo yonyenga. Kawirikawiri timaganiza za wogulitsa nyemba kumsika amene amapinda mbale yake yoyezera. Koma munthu angathenso kudzinyenga yekha. Amene alemba kuti wachapa maola awiri, pamene theka la nthawiyo anali kucheza ndi mnansi pampanda, ndipo pa chifukwa chimenecho awonjezera mtanda wachitatu wa nsima, waba m'thumba lake lomwe. Foni idzavomera chilichonse chimene ailembera. Mitsempha ya magazi siidzavomera.

Kutopa Ndi Kulimba Nzosiyana

Pali chinthu china chimene mayi aja anachinena m'kalasi, ndipo nchofunika kuchimva: "Ine ndimagona wotopa tsiku lililonse. Nanga nditopenso bwanji?"

Ofufuza a ku Denmark, mmodzi wa iwo Andreas Holtermann, aonetsa kuti ntchito yolemetsa yogwira tsiku lonse siipatsa mtima phindu lofanana ndi la masewera ochita pa nthawi yopuma. Zifukwa zimene amapereka nzomveka. Ntchito ya tsiku lonse imatenga maola ambiri popanda kupumula kokwanira. Imachitika munthu atawerama kapena ataima malo amodzi, akunyamula zolemera, ndipo kawirikawiri siifulumiza mtima kufika polimbitsa. Kuyenda mwandawala kwa mphindi 30 kumafulumiza mtima kwa kanthawi, kenaka thupi limapumula ndi kudzimanga. Kuwerama pa beseni m'mawa wonse kumapweteka msana, koma mpweya sufupika.

Pali njira yapafupi yodziyesera. Ngati pogwira ntchito mungathe kuimba nyimbo yonse osavutika, ntchitoyo njopepuka. Ngati mungathe kulankhula koma osaimba, yafika pa muyeso wolimbitsa mtima. Ambiri a ife timaimba bwinobwino potsuka mbale. Ndi ochepa amene angaimbe akukwera chitunda atasenza thumba la chimanga.

Chotero munthu angathe kukhala wotopa kwambiri, thupi lake lisanalandire chimene likusowa. Mayi wotere afunika kupeputsidwa katundu wina kuti apeze theka la ola loyenda momasuka, ndiponso afunika tulo tokwanira. Buku la The Ministry of Healing la Ellen G. White, lofalitsidwa mu 1905, limaika kugwiritsa ntchito thupi ndi kupumula pamodzi m'gulu la mankhwala achilengedwe. Lamulo la Sabata pa Eksodo 20:8-11 limatchula masiku ogwira ntchito ndi tsiku lopumula, ndipo mpumulowo limaupereka kwa onse a pakhomo, ngakhale wantchito wamkazi. Nkoyenera kudzifunsa ngati m'nyumba zathu mayi amalipezadi tsiku limenelo.

Kuwerengedwa Pamaso pa Anthu

Tafika tsopano pa mawu a bambo aja, akuti mkazi wawo amangokhala pakhomo. M'chaka cha 2007, Alia Crum ndi Ellen Langer a ku Harvard anafalitsa zimene anapeza pakati pa amayi 84 okonza zipinda m'mahotela 7. Ambiri a amayiwo ankakhulupirira kuti sachita masewera okwanira. Gulu lina linauzidwa kuti ntchito yawo njolimbitsa thupi ndithu, ndipo gulu lina silinauzidwe. Patapita milungu inayi, amene anauzidwa aja anapepukako thupi pang'ono ndipo kuthamanga kwa magazi awo kunatsikako. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa, ndipo sitingamangepo nyumba yaikulu. Komabe akutikumbutsa chinthu chimene tichidziwa kale, chakuti munthu amene ntchito yake yalemekezedwa amaima mosiyana ndi amene ntchito yake yanyozedwa.

Ntchito ya pakhomo ili ndi tsoka lakuti imaoneka pokhapokha ikalekedwa. Palibe amene amayamika mbale yoyera, koma onse amaona yakuda. Siilipidwa, siilembedwa m'buku la malipiro, ndipo tsopano foni nayo ikuoneka ngati ikuikana. Pamene mayi aja anati zonse zilembedwe, mwina sankafuna mtanda wina wa nsima. Ankafuna kuti wina avomereze kuti tsiku lawo silinapite pachabe. Nzachisoni kuti anafika popempha umboni umenewo kwa foni, pamene m'nyumba muli anthu odya zimene aphika ndi kuvala zimene achapa. Mkazi wa pa Miyambo 31 amatamandidwa ndi mwamuna wake ndi ana ake, ndipo zimene akumutamandira ndi ntchito za manja ake, zambiri za izo za pakhomo.

Taganizaninso za bambo aja. Malinga ndi zimene Morris anapeza, iwo ndiwo dalaivala wokhala pampando. Ku Area 25 kuja, abambo 16 mwa 100 anapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo amayi anali 14. Ndowa imene ikupweteka khosi la mayi tsiku ndi tsiku ikadakhala mankhwala kwa bambo. Ngati iwo ndi anyamata a pakhomopo atatenga gawo la kutunga madzi, kusesa ndi kupita kuchigayo, matupi awo angapindule, ndipo mayi angapeze nthawi yoyenda imene namwino anawalangiza. Mutu umodzi susenza denga. Mwambo umene umati mwamuna asagwire tsache ukudwalitsa anthu awiri nthawi imodzi, wina ndi kutopa, wina ndi kukhala.

Pali munthu winanso amene sitiyenera kumuiwala, ndiye mtsikana wantchito amene mabanja ena anamutenga kumudzi. Iye ndiye woyamba kudzuka ndi wotsiriza kudya. Pamene eni nyumba akuwerenga makalori kuti achepetse, iye akugwiritsa ntchito ochuluka kuposa onse, ndipo nthawi zina amalandira mkute. Kwa iye, kwa wokankha njinga ya makala, ndi kwa mayi woswa miyala m'mbali mwa msewu, ntchito iyenera kuwerengedwa kuti mbale yawo iwonjezedwe. M'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira, munthu wowerenga makalori chifukwa chakuti amuchulukira ayenera kutero modzichepetsa, akukumbukira mnansi amene akumuchepera.

Nanga Tichite Chiyani?

Mafunso atatu aja ali ndi mayankho ake. Kwa thupi, ntchito za pakhomo ndi maulendo a kumsika zimapindulitsa, ndipo munthu asazileke poganiza kuti nzachabe. Amene angathe kuyenda pansi asafulumire kukwera kabaza pa mtunda waufupi. M'kaundula wa makalori, ntchito za masiku onse ziwerengedwe kamodzi kokha, posankha mlingo wa kutakataka kwa munthu, ndipo padera palembedwe chokhacho chimene chili chowonjezera, monga ulendo wautali wapansi kapena tsiku lolima kumunda. Wofuna kupepuka thupi ayang'ane poyamba botolo la mafuta, shuga ndi kukula kwa mitanda, ndipo aweruze ndi sikelo pakatha milungu ingapo. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la shuga apitirize kumwa mankhwala ndi kukayezetsa monga anamulangizira kuchipatala. Pamaso pa anthu, ntchito imeneyi iwerengedwe mokwanira, ndi mawu oyamika ndiponso ndi manja othandiza.

Nkovuta kuuza munthu wotopa kuti thukuta lake lachotsa makalori 80 okha. Nkovutanso kuuza mwamuna kuti mawu ake oseka avulaza mkazi wake. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Chikondi chimene chimabisa choonadi kuti munthu asakhumudwe chingamusiye akudwala, ndipo choonadi cholankhulidwa monyoza chimamutseka makutu. Mwana uja akadayamba ndi kunena kuti, "Amayi, mumagwira ntchito kwambiri, ndipo mawa ndichapa ndine kuti inu mukayende," mfundo yake yonse ya makalori ikadalandiridwa.

Zokambirana M'kalasi

1. Kodi m'nyumba mwanu ndani amatopa kwambiri, ndipo ndani amakhala pansi kwambiri? Ndi ntchito iti imodzi imene ingachoke kwa woyambayo kupita kwa wachiwiriyo mlungu uno?

2. Kupatula pa chakudya, ndi pa zinthu zina ziti pamene timawerenga ntchito yathu kawiri ndi kuchepetsa ya anzathu?

3. Ngati muli ndi wantchito pakhomo panu, kodi chakudya chake ndi mpumulo wake nzolingana ndi ntchito imene amagwira?